Lipoti la ulendo wokacheza ndi anzathu a kalabu ya njinga zamoto zothamanga

Amamembala amene simunathe kupita nawo munapempha kuti tikabwerako tidzalembe zomwe taona, makamaka pa funso lomwe lakhala likutikanganitsa pamisonkhano yathu: pa njinga zamoto zothamangazi, ndi iti yomwe munthu angaidalire pa ulendo wautali? Anzathu a kalabu yomwe tinakaichezera ali ndi galaja yawoyawo komanso makaniko wachikulire amene wakhala akumasula mainjini kwa zaka zambiri. Ndiye tinapangana kuti tisangopita kukaonetsa njinga. Tiyeze m'njira zomwe tingathe kuyeza, zotsalazo tikafunse kwa odziwa.

Gulu linali losakanikirana bwino. Za masilinda anayi zinalipo Yamaha R6, Honda CBR600RR ndi Suzuki GSX-R750. Za masilinda awiri zinalipo Kawasaki Ninja 400, Honda CBR500R, Ducati SuperSport 950 ya atcheyamani, ndi Yamaha R7 yomwe ndinakwera ine. Panalinso zina zakale zomwe eni ake anagula kwa anthu ena. Tisananyamuke ndinasekedwa koopsa chifukwa thanki ya R7 imalowa malita 13 okha, pomwe ya R6 ndi ya GSX-R750 imalowa 17, ya CBR600RR 18. Wina anachita kundifunsa ngati ndatenga chigubu.

Kayezedwe kathu kanali kosavuta. Paliponse pomwe taima kumwetsa mafuta, aliyense ankadzaza thanki mpaka pamlingo womwewo, njinga ili chilili osati itatsamira pa sitandi, kenaka alembi ankalemba malita ndi makilomita a pa mita, mwini njinga n'kuibwezera pa ziro. Nambala ya kamwedwe yomwe njinga zatsopano zimaonetsa pa dashibodi sitinaitsatire. Tinkafuna ya pa pampu.

Zomwe zinatuluka zinathetsa nthabwala za chigubu zija. CBR500R ili ndi thanki ya malita 17.1, pafupifupi yofanana ndi ya R6, koma a Honda amati imamwa malita 3.5 pa makilomita 100, kutanthauza kuti papepala imayenda makilomita opitirira 480 isanaume. Njinga ya 600cc ya masilinda anayi, monga R6 ndi CBR600RR, imamwa malita 6 kapena kuposerapo pa mtunda womwewo, ndiye malita 17 amenewo amathera chapakati pa makilomita 250 ndi 280, ndipo nyali yochenjeza imayaka kukadali malita atatu kapena anayi. R7 imamwa malita 4 ndi pang'ono, choncho malita ake 13 amafika kufupi ndi makilomita 300. Zapamsewu sizinafanane ndendende ndi zapapepala, poti tinali ndi katundu komanso zitunda zinalipo, koma mndandanda wake sunasinthe. Mayi wa CBR500R ankatha kudumpha pampu imodzi osathira n'komwe, Ninja 400 ya malita 14 inkamutsatira pafupi, ndipo oyamba kukweza dzanja kupempha kuti tiime ankakhala a masilinda anayi nthawi zonse.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka injini. Ya R6 ndi ya 599cc, ndipo mphamvu zake zonse imazitulutsa ikamazungulira cha m'ma 14,500 pa mphindi. Anaipangira bwalo la mpikisano. Pa liwiro la pamsewu imakhala ikuzungulirabe kwambiri ngakhale pa giya yomaliza, mapisitoni anayi ndi ma valve 16 (tizitseko tolowetsa ndi kutulutsa mpweya m'masilinda) zonse zili kalikiliki, pomwe ntchito yeniyeni yomwe ikugwirika ndi yochepa. Ya CBR500R ndi ya 471cc, mphamvu zake anaziimitsa dala pa 35 kW kuti igwirizane ndi laisensi ya A2 ya ku Ulaya yomwe siilola njinga yamphamvu kuposa pamenepo, ndipo imakoka isanayambe n'kukuwa komwe.

Komabe injini si yokha yomwe imamwa mafuta, dzanja lamanja lomwe limapotokola moto nalo limamwa. Mphepo yomwe njinga ikulimbana nayo siikula mofanana ndi liwiro: ukachoka pa makilomita 100 pa ola n'kufika pa 140, mphamvu yake yokukankhira m'mbuyo imakhala pafupifupi kawiri. Tinazionera pa chigawo china chachitali, chowongoka, chopanda malo omwetsera mafuta. Anyamata a kutsogolo anatengeka ndi kuwongoka kwa msewu n'kutisiya. Patapita nthawi tinapeza mmodzi wa iwo ataima m'mbali, manja ali m'chiuno. Atcheyamani anakweza galasi la helemeti.

"Achimwene, kwagwanji?"

"Nyali yayaka, atcheya."

"Yayaka liti?"

"Pakhalako ndithu. Koma kuseri kwa phirili kuli siteshoni, pamapu ikuoneka."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achimwene. Ya pamapuyo mwaiona ndi maso?"

Tinaipeza yotseka. Kuyambira pamenepo gulu lonse linatsika kufika pa liwiro la 80, mnzathuyo ali pa giya yomaliza, chifuwa chili pa thanki, mutu ataubisa kuseri kwa kagalasi kakutsogolo. Titafika pa siteshoni yotsatira tonse tinazungulira pampu n'kumawerenga naye limodzi. Inaima itatsala pang'onong'ono kukwana malita onse omwe thankiyo imalowa. Makaniko uja anadzatiuza pambuyo pake kuti chizolowezi choyenda thanki ili pafupi kuuma chimapha pampu ya petulo ya m'thankimo, chifukwa pampuyo imazizira ndi petulo yemweyo amene ikupopa.

Ndisaikometse kwambiri R7 yanga. Mahandulo ake ali pansi, ndipo makilomita 300 amene thanki ikulolawo msana ndi mikono sizilola. A masilinda anayi akapempha kuti tiime, ine sindinkadandaula.

Pa za kudalirika, njinga imodzi yokha ndiyo inatikanika m'njira, imodzi mwa zakale zija. Titaima kuti tiwongole miyendo inakana kulira, sitata n'kumangoti tcha tcha. Mwini wake analumbira kuti batire ndi latsopano. Wina anatulutsa kamita koyezera magetsi, tinabwereka moto ku njinga ina n'kuiliza, ndipo mita inaonetsa mavoti 12 ndi pang'ono. Atapotokola moto nambalayo sinasunthe. Njinga yomwe ikutchaja bwino imaonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5, ndiye apa zinali zoonekeratu kuti njira yonseyi inkayendera batire lokha mpaka linatheratu. Titachotsa chigoba cha m'mbali tinapeza pulagi ya mawaya atatu ochokera ku stator (yopanga magetsi) kupita ku regulator (yowongolera magetsi otchajira batire) itasungunuka mbali imodzi, pulasitiki yake itada bii, ikununkha zopserera. Dzimbiri likalowa pa pulagi yotere magetsi amadutsa movutikira ndipo pamatentha. Kutenthako kumafooketsa tizitsulo togwirana tija, tikafooka pamatenthanso kuposa kale, mpaka pulagi yatha. Tinapala mawayawo, n'kuwalumikiza mwachidule, n'kukulunga tepi. Inafika, ndipo ku galaja anakailumikiza bwinobwino.

Makanikoyo sanadabwe nazo. Anati njinga zambiri zomwe zimabwera pa galajapo zitakwezedwa pa galimoto injini zake zimakhala zilibe vuto lililonse. Zimakhala batire, mapulagi, tcheni ndi matayala, zinthu zoti mwini wake akanaziona yekha akanati agwade n'kuyang'ana. Atatero anagwada kumbuyo kwa njinga ina ya m'gulu lathu, n'kutsina tcheni chakumbuyo kwenikweni kwa sprocket (gudumu la mano lomwe tcheni chimayendapo), n'kukoka. Tcheni chinanyamuka mpaka theka la dzino linaonekera.

"Mwanawe, ichi chatha. Ndipo usagule tcheni chokha. Mano awa apindika kale, adzadya chatsopanocho. Usinthe pamodzi ndi ma sprocket onse awiri."

Pa njinga yotsatira anapeza zosiyana: tcheni chomangidwa gwa. Mwini wake ankaona ngati ndiko kusamala. Bamboyo anauza munthu wina kuti akhale pa njingayo, ndipo tonse tinaona tcheni chikuwonjezera kukungika njinga itatsika ndi kulemera. Tcheni chotere chimakoka bering'i ya shafti yotuluka mu giyabokosi, ndipo bering'i imeneyo kuti uifikire nthawi zambiri umayenera kung'amba injini. Mpata woyenera umalembedwa m'buku la njinga, pena pa kapepala komata pa swingarm (chitsulo chogwira tayala lakumbuyo), ndipo uyezedwe malo angapo ukuzunguza tayala chifukwa tcheni sichitha mofanana. Anatikumbutsanso kuti tcheni cha O-ring chili ndi girisi wake m'kati yemwe timalabala tating'ono timamutsekera, choncho kuchitsuka ndi petulo n'kuononga timalabalato. Palafini ndi kabulashi kofewa n'zokwanira, kenaka mafuta a tcheni pa makilomita 500 mpaka 1,000 aliwonse, komanso nthawi iliyonse ukayenda pamvula.

Tinakhalitsa kwambiri pa nkhani ya ma valve, poti apa ndi pomwe njingazi zimasiyana zenizeni. Mabuku a Yamaha R6 ndi R7 amati mpata wa ma valve uyezedwe cha pa makilomita 40,000. A CBR600RR, GSX-R750 ndi Ninja 400 amati cha pa 24,000. Ntchito yake si yofanana ayi. Injini ya masilinda anayi ili ndi ma valve 16, ya awiri ili ndi 8, ndipo usanafike n'komwe pa chivindikiro cha injini uyenera kuchotsa zigoba, thanki ndi bokosi la mpweya. Pa njinga za 600 zinthuzi anazipanikiza moti dzanja limalowa movutikira. Mpata ukapezeka kuti wachoka pamlingo, pa injini zambiri zamtunduwu ma camshaft (mashafti otsegula ma valve) amayenera kutuluka kuti usinthe ma shim (tizitsulo tobwezeretsa mpatawo pamlingo). Chomwe ambiri mwa ife tinkachiganiza mosemphanitsa ndi ichi: pa injini zotere mpata umakonda kuchepa osati kukula, chifukwa valve imanka nilowa pampando wake. Valve yothina siichita phokoso. Injini imakhala chete, mwini wake n'kumasangalala, pomwe valve siikutseka bwino ndipo ikupsa pang'onopang'ono. Chizindikiro choyamba chimakhala kuvuta kulira.

Ducati ya atcheyamani ili ndi kachitidwe kakekake. Ma valve ake satsekedwa ndi sipuling'i koma ndi kamkono kachiwiri, njira yotchedwa desmodromic yomwe Fabio Taglioni anaiyambitsa ku Ducati pa njinga ya mpikisano ya 125cc mu 1956. Valve iliyonse ili ndi mipata iwiri yoyeza, wotsegulira ndi wotsekera, ndiye ma valve 8 amapereka ntchito ya 16. Pa SuperSport sevisi yaikuluyi imabwera pa makilomita 30,000, ndipo ma camshaft ake amayendetsedwa ndi malamba a labala omwe amasinthidwa zaka zikakwana ngakhale njinga itangokhala m'nyumba. M'njira monse Ducatiyi sinatsokomole n'kamodzi komwe, ndipo atcheya sanatope kutikumbutsa zimenezi. Chovuta chake ndi choti si makaniko aliyense amene ali ndi zida ndi luso la desmo. A Ducati eni ake ayamba kuisiya pa injini zina: Multistrada V4 ya 2021 ili ndi masipuling'i ndipo ma valve ake amayezedwa pa makilomita 60,000, nayonso Panigale V2 ya 2025 ili ndi masipuling'i.

Zina anangodutsamo mwachangu. Oyilo akhale wolembedwa JASO MA kapena MA2, chifukwa kilatchi ya njinga zambiri imasambira mu oyilo wa injini yemweyo ndipo oyilo wina wa galimoto amaiterereketsa. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, asinthidwe zaka ziwiri zilizonse. Mpweya wa matayala uyezedwe matayala asanatenthe. Matayala ofewa a mpikisano omwe ena mwa ife timawakonda anaonetsa okha vuto lawo: pofika kwa anzathuwo pakati pa tayala lakumbuyo panali pataphwatalala, m'mbali mukadali mwatsopano.

Maganizo anga, omwe sindikukakamiza aliyense, ndi akuti munthu wofuna njinga imodzi yoti aziyendera maulendo ngati uwu ayang'ane za masilinda awiri, zapakati pa 400cc ndi 700cc. Zimafika patali ndi mafuta ochepa, zili ndi zoyeza zochepa, ndipo liwiro lomwe lamulo limalola zimalikwanitsa osatuluka thukuta. Za 600 za masilinda anayi n'zokoma kumva zikamalira, koma kukoma kwakeko kumayambira pa liwiro lomwe pamsewu sungaligwiritse ntchito. A Yamaha nawo itatha 2020 anasiya kugulitsa R6 ya pamsewu ku Ulaya ndi ku America, ku Ulayako n'kungosiya ya pabwalo. Mwini R6 wa m'gulu lathu anamvetsera zonsezi mwaulemu, kenaka anati bola aziima pa siteshoni iliyonse kusiyana n'kukwera njinga yomwe siimuseketsa yekha m'helemeti. Palibe anamutsutsa.

Anzathuwo avomera kudzatibwezera ulendo, ndipo tikufuna kudzayezanso kamwedwe njinga zili ndi wokwera kumbuyo, poti ulendo uno aliyense anali yekha. Atcheyamani apempha kuti pamsonkhano wotsatira aliyense abwere ndi buku la sevisi la njinga yake. Amene yake yadutsa makilomita 24,000 ma valve asanayezedwepo, kapena anaigula kwa munthu wina popanda buku, alembetse kwa alembi, chifukwa makaniko uja wati adzabwera ndi zida zake zoyezera ndipo akufuna adziwiretu kuti ndi njinga zingati komanso zamtundu wanji.