Madzi otsala pa chambiko ndi nkhani ya kutupa m'thupi

Alimi a ng'ombe za mkaka ozungulira Mzuzu amawadziwa madzi achikasu pang'ono aja amene amalekana ndi chambiko chikagwirana. Ambiri amangopatsa nkhumba. Madziwo ndiwo whey, ndipo lita imodzi imakhala ndi mapuloteni magalamu 6 mpaka 8. Pafupifupi theka la mapuloteniwo ndi a mtundu wotchedwa beta-lactoglobulin, kenako alpha-lactalbumin, ndi lactoferrin pang'ono chabe.

Mapuloteniwa akadulidwa ndi ma enzyme (zinthu zofulumizitsa kuphwanyika kwa mapuloteni) a mabakiteriya, monga Alcalase wochokera ku Bacillus licheniformis, patuluka tizidutswa totchedwa ma peptide. Mu labotale, maselo oteteza thupi otchedwa macrophage akaputidwa ndi LPS, poizoni wa pachikopa cha mabakiteriya ena, amatulutsa nitric oxide, TNF-alpha ndi IL-6, zimene zimakolezera kutupa. Ma peptide ena a whey amachepetsa zimenezi. Whey alinso ndi cysteine wambiri (imodzi mwa ma amino acid, tizigawo timene timapanga mapuloteni), amene thupi limapangira glutathione woteteza maselo.

Chovuta ndi kadulidwe ka mapuloteni a whey. Sungunulani ufa wa whey magalamu 5 mpaka 10 m'madzi okwana mamililita 100, pH (muyeso wa asidi, umene umatsika asidi akachuluka) ifike pa 8, kutentha kukhale madigiri 50 mpaka 55. Thirani enzyme wokwana 1 kapena 2 peresenti ya kulemera kwa mapuloteniwo ndipo muzitakasa kwa maola awiri mpaka anayi. Kudulako kukamachitika pH imatsika yokha, choncho muzidontheza sodium hydroxide, mankhwala ochepetsa asidi, kuti ibwerere pa 8. Mukanyozera apa, enzyme amafooka ntchito isanathe. Pomaliza tenthetsani pa madigiri 85 mpaka 90 kwa mphindi 10 kuti enzyme afe, kenako ziziritsani msanga.

Mosiyana ndi madzi osungunuliramo ufa aja, madzi a chambiko okha ndi owawasa, pH yake imakhala cha pa 4.5, ndipo Alcalase sagwira bwino pamenepo. Magetsi akazima pakati pa ntchito, makamaka m'kuzizira kwa June kuno, kutentha kumagwera pa 30 kapena 40, pomwe mabakiteriya ena amaswana ndi kuwononga zonse. Mukapitirira muyeso podula, madziwo amawawa ngati nimu chifukwa cha tizidutswa tokhala ndi ma amino acid otchedwa leucine, proline ndi phenylalanine.

Pano ndikufuna kunenetsa. Umboni wambiri wachokera pa maselo a m'mbale ndi pa mbewa za mu labotale. Mwa munthu, m'mimba ndi m'matumbo mumadulanso ma peptide aja, ndipo ochepa okha amafika m'magazi ali athunthu. Wina akakugulitsani ufa wa whey nati umalowa m'malo mwa ma ARV kapena mankhwala a nyamakazi, akukunamizani.

Mwana amene thupi lake limakana mkaka wa ng'ombe musamupatse zopanga nokha. Mkaka wapadera wa ana oterewa umadulidwa mpaka tizidutswa tambiri titachepera 3 kDa (muyeso wa kulemera kwa tizidutswato), ndipo wodulidwa mwatheka umathabe kumutulutsa zidzolo, kumusanzitsa kapena kumubanikitsa.