Kusankha zomangira mashelefu m'mphako ya khoma la njerwa

Nyumba zambiri zimakhala ndi malo amene khoma linalowa m'kati, kaya m'mbali mwa chumuni kapena pakati pa zipilala ziwiri, ndipo mphako yotereyi ndi malo abwino oikapo mashelefu. Munthu akaganiza zoyamba ntchitoyi amathamangira kufunsa kukula kwa mabawuti oti agule, koma ine ndimaona kuti choyamba ndi kudziwa chimene khomalo linamangidwira ndiponso kukhuthala kwa pulasitala wake.

Shelefu ya m'mphako ili ndi mwayi umene shelefu ya pakhoma lamtetete ilibe. Imakhala pa timatabwa titatu, kamodzi kumbuyo ndi tiwiri m'mbali, choncho kulemera kwa katundu kumakankhira masikuluu pansi m'malo mowazula. Shelefu yokhala pa mabulaketi ndi yosiyana, chifukwa sikuluu yam'mwamba imakokedwera kunja usana ndi usiku. N'chifukwa chake m'mphako ya njerwa zootcha bwino mapulagi wamba a pulasitiki, timachubu tolowetsa m'bowo la khoma kuti sikuluu igwire, amakwanira, ngakhale pa mabuku amene amatha kupitirira makilogalamu 20 pa mita imodzi ya shelefu. Pulagi ya nayiloni imene Artur Fischer, katswiri wa ku Germany, anaitulukira mu 1958 imagwira ntchito mwa njira yosavuta: sikuluu ikamalowa, pulagi imatanuka n'kukanikiza m'mbali mwa bowo. Mphamvu yake yonse yagona pa kulimba kwa chimene ikukanikizacho.

Apa ndi pamene pulasitala amapusitsa anthu. Nthawi zambiri amakhala wokhuthala mamilimita 10 mpaka 20, ndipo m'nyumba zakale zimene makoma ake anakhota amatha kuposa pamenepo, koma sagwira kanthu. Pulagi yotanukira m'pulasitala imangomuphwanya, ndipo pakapita miyezi shelefu imayamba kugwedera. Pulagi yonse iyenera kudutsa pulasitala n'kubisala m'njerwa. Poyeza kutalika kwa sikuluu ndimaphatikiza kukhuthala kwa kathabwa, kwa pulasitala ndi kutalika kwa pulagi, kenaka n'kuwonjezera pang'ono kuti nsonga itulukire kumapeto kwa pulagiyo. Kathabwa ka mamilimita 20 pa pulasitala wa mamilimita 15, ndi pulagi ya mamilimita 40, kamafuna sikuluu ya mamilimita 80. Imaoneka yaitali m'manja, koma theka lake lokha ndi limene likugwira ntchito. Palinso mapulagi aatali amene amadutsa kathabwa ndi khoma pamodzi. Amenewa ndimawakonda chifukwa umaboola kamodzi, ndipo bowo la m'thabwa silisemphana ndi la m'khoma.

Khoma limadziulula lokha ukaboola bowo loyesera pamalo pamene kathabwa kadzabise. Fumbi loyera loyamba kutuluka ndi la pulasitala. Likasintha n'kufiira ndiye kuti wafika m'njerwa, likakhala lotuwa ndi buloko kapena konkire, ndipo likamatuluka ngati mchenga dirilo ikulowa mosavuta, wagwera pamzere wa matope omangira. Pamenepo ndi bwino kusuntha pang'ono, pakuti matope, makamaka a laimu a m'nyumba zakale, amayoyoka. Dirilo ikalowa n'kugwera mwadzidzidzi m'malo opanda kanthu, buloko yake ndi yamphako, ndipo imafuna pulagi imene imadzipinda mfundo kuseri kwa chipupa cha bulokoyo. Mabuloko opepuka a thovu amafunanso mapulagi awoawo okhala ndi zipsepse zazikulu, ndipo pobowola usayatse hamala ya dirilo, imene imagogoda dirilo ikamazungulira, chifukwa imakulitsa bowo.

Bowo liyenera kufanana ndi pulagi: pulagi ya mamilimita 6 imafuna nsonga ya dirilo ya mamilimita 6, ya 8 nsonga ya 8. M'njerwa zofewa amisiri ena amaboola ndi nsonga yochepa ndi theka la milimita, podziwa kuti bowolo likula lokha. Pulagi yabwino imalowa ndi kumenya pang'ono kwa hamala. Yolowa ndi chala chokha idzazungulira pamodzi ndi sikuluu. Fumbi lotsala m'bowo liyenera kuchotsedwa, apo ayi pulagi imakanikiza fumbi m'malo mwa njerwa.

Mabawuti achitsulo otanuka, amene anthu amawakhulupirira chifukwa cha maonekedwe ake, sindimawalimbikitsa m'mphako. Timatabwa ta m'mbali timathera pafupi ndi ngodya yakunja, ndipo bawuti yotere ikamangidwa pamenepo imatha kung'amba njerwa n'kugwetsa chibenthu cha ngodyayo. Ngakhale pulagi wamba, ndimaitalikitsa mamilimita osachepera 50 kuchokera pangodya. Khoma likakhala loyoyoka kwambiri moti palibe pulagi imene ikugwira, njira yodalirika ndi guluu wa resin: umatsuka bowo, kuthiramo guluuyo, n'kulowetsa ndodo yachitsulo yamazinga ndi kudikira kuti aume. Sakanikiza khoma, ndipo m'mabuloko amphako amagwiritsidwa ntchito pamodzi ndi kasefa komutchinga kuti asagwere pansi.

Mbali ya chumuni imafuna kusamala kwapadera, chifukwa nthawi zambiri pakati pa chipinda ndi njira ya utsi pamakhala njerwa imodzi yokha, pafupifupi mamilimita 100. Kukulunga tepi pa nsonga ya dirilo kumathandiza kuti usapitirire muyeso. Mawaya a magetsi nawonso amayenda molunjika kuchokera pa soketi kapena swichi, chokwera, chotsika kapena chopingasa, choncho mizere imeneyo siibooledwa usanaipime ndi kachipangizo kofufuzira mawaya.

Kathabwa kakumbuyo ndi kamene kamayamba, levulo ili pamwamba, masikuluu atatalikirana masentimita 30 mpaka 40, ndipo ta m'mbali timatengera mzere wake, kalikonse ndi masikuluu osachepera awiri. Mphako ikakhala yotakata kuposa masentimita 80, thabwa la mamilimita 18 limayamba kupindika pakati ngakhale zomangira zitagwira bwanji, ndipo mankhwala ake si sikuluu yaikulu ayi, koma thabwa lokhuthala kapena kathabwa kena komatidwa kutsogolo kwa shelefuyo.