Chigayo chathu cha pa Lunzu chayima ndi chisomo

Anthu akatifunsa kuti chigayo chathu chakhalitsa bwanji, amafuna kumva zodzuka m'mamawa ndi kusunga ndalama. Zimenezo timachitadi. Koma anzathu ena amene anatseka zigayo zawo ankadzukanso tambala woyamba, ena kutiposa ife, ndiye yankho limenelo ine silindifika pamtima.

Tinayamba awiri, ine ndi mayi a kunyumba, ndi ndalama ya banki mkhonde komanso yomwe tinapeza titagulitsa njinga yamoto. Tinagula mota yogwirapo kale ntchito, chigayo chopera ndi china chokonola. Kumsika wa Lunzu anthu a geni amakonda kunena kuti Mulungu amathandiza odzithandiza okha. Mawuwo amakoma kukhutu, koma m'Baibulo mulibe. Omwe alimo ndi a pa Deuteronomo 8, pomwe Aisraeli akuchenjezedwa kuti akadzakhuta asadzanene mumtima kuti chuma chawo chabwera ndi mphamvu ya dzanja lawo.

Mwini chigayo savutika kumvetsa vesi limeneli, chifukwa zonse zomwe zimamudyetsa sizili m'manja mwake. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi ankazima tsiku lonse n'kuyaka pakati pa usiku. Amayi ankagona pakhonde la chigayo atafunda zitenje, matumba ndi ndowa zili pamzere, kudikira kuti babu liyake. Likangoyaka, wina ankakuwa, tonse dzambatu, makina n'kuyamba kulira. Ine ndinalibe luso lililonse loyatsira magetsiwo. Ndinkangodikira limodzi nawo.

Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44. Lamba, sefa ndi mabering'i zonse zimachokera kunja, choncho mitengo yake inathawa. Kenako chilala cha 2024, boma mpaka kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Yemwe kale ankabwera ndi thumba anayamba kubwera ndi kabeseni, ndipo zokonola anazisiya, aliyense mgaiwa basi kuti ufa uchuluke. Madeya omwe tinkagulitsa kwa oweta nkhumba ndi nkhuku anasowa.

Nthawi imeneyo mota yathu inapsa. Ndalama yoikonzera panalibe, ndipo njira yomwe inatsala inali ya katapila. Bambo wina wa kumpingo kwathu, wodziwa kukulunga mamota, anamva nkhaniyo pa mapemphero a pamlaga. Anabwera yekha, nainyamula, nati tidzalipira tikapeza. Sitinali pachibale, ndipo palibe chomwe tinamuchitirapo kale. Tinamaliza kumulipira patapita miyezi, iye osatikumbutsa ngakhale kamodzi.

Apa ndinenepo kanthu, popeza nkhani ngati yathuyi ena amaipotoza. Sitinafese mbewu kwa mneneri aliyense, sitinagule madzi kapena mafuta odzozedwa. Chisomo chikakhala ndi mtengo ndiye kuti ndi malonda, ndipo malonda ife timawadziwa bwino. Sindinganenenso kuti amene anatseka ankapemphera mochepa. Mayi wina wamasiye amene anagulitsa makina ake chaka chimenecho amandiposa kutali m'chikhulupiriro, ndipo ndimachita manyazi kulankhula za madalitso iye ali pomwepo.

Kudalira Mulungu sikunatigwetse manja. Timalembabe chilichonse m'kope, mnyamata wathu amathira girizi Loweruka lililonse, ndipo kangachepe timaika padera ka zida. Chomwe chinasintha ndi kagwiridwe kathu ka anthu. Agogo akabwera ndi ndalama yoperewera timawagayira, chifukwa ifenso tinakonzeredwa mota tilibe kanthu. Ufa wotsalira m'makina si wathu, timaukokolola n'kuwathirira eni ake. Lamulungu chigayo sichilira, ngakhale magetsi atayaka tsiku lonse. Pa mfundo iyi ine ndi mayi a kunyumba tinalimbana kwambiri nthawi ya Kapichira ija, iwo n'kupambana.

Chaka chino tikufuna kugula injini ya dizilo yoti izitipulumutsa magetsi akazima, Ambuye akalola. Theka la ndalama lilipo kale, ndipo bambo wa mamota uja walonjeza kutiperekeza ku Limbe kuti asakatigulitse yotha.