Chifuwa cha ku Dedza

Popeza mlamu wanga wayamba kale kuyendetsa nkhaniyi pa bawo, uku akuithira mchere wake, bola ndinene ndekha. Choyamba, zoti galu anathawa pakhomo n'kukagona kwa aneba ndi bodza lamkunkhuniza. Anangouwa basi.

Tinali kwa apongozi ku Dedza mwezi wa July, ukwati ukadali wauwisi, nthawi ija mwamuna amafuna mkazi wake aziganiza kuti m'mimba mwake mumangokhala chikondi. Masana anatipatsa mbatata ndi thobwa. Madzulo nsima ya nyemba, kabichi, ndi mazira owiritsa poti kwabwera mkamwini. Ndikanakana bwanji?

Cha m'ma 11 koloko m'mimba munayamba msonkhano. Chimbudzi chili kuseri kwa khola, chitseko chakumaso chimalira ukangochigwira, ndipo kunja kunali chisanu cha ku Dedza chija cholowa mpaka m'mafupa. Ndinaganiza zothana nazo pomwepo, mwaulemu.

Luso lake ndimalidziwa, musandione chonchi. Umadikira mnzako ayambe kupuma mwa tulo. Umamufulatira, msana n'kuloza kumphepete kwa bedi. Umapinda bulangete pakati panu kuti pakhale malire, kenako ndi chala chaphazi umatukula pang'ono kumiyendo kuti utsi upeze potulukira. Ukatero umatulutsa pang'onopang'ono, ndipo pofuna kukhwimitsa chitetezo umatsokomola nthawi yomweyo. Zonsezi ndinachita. Kungoti chifuwa ndi mnzake uja sanamvane nthawi.

Ndinatsokomola kawiri, mwamphamvu, moti nyumba yonse inatchera khutu. Kenako kunali zii. Ndiye m'kati mwa zii mmenemo, mlendo uja n'kufika.

Abale anga, chiphwisi chimenecho sichinali chapafupi. Chinayamba chapansipansi, mwamanyazi, n'kumakwera. Ndinayesa kumanga mabuleki, koma kumangako ndi kumene kunachisandutsa chitoliro. Chinalira ngati njinga ya kabaza yopanda girisi ikukwera chitunda, n'kupuma pang'ono, ine n'kumati zatha, chonsecho chikungokoka mphamvu. Chinabweranso ndi ndime yachiwiri. Pothera pake mawu anakwera m'mwamba, chinatha ndi funso. Mpaka lero sindidziwa chimene chinkafunsa. Ndinali ndi nthawi yokwanira yoganizira za moyo wanga, za ankhoswe amene anandiperekeza pakhomo pamenepo, ngakhale za basi yoyamba yopita ku Lilongwe, icho chikadalirabe.

Apa ndi pamene ndinakumbukira kuti nyumbayo ilibe siling'i. Khoma la chipinda chathu limathera m'njira, silifika kudenga.

Kuseri kwa khomalo apongozi aamuna anayankhula ndi mawu a munthu amene sanagone n'komwe: "Mayi, kodi mbuzi zija munatsekera?"

"Ndinatsekera. Gonani."

Ine phee, n'kuyamba kuliza mkonono wabodza. Koma bedi linayamba kugwedezeka. Akunyumba, amene ndinkati ali m'tulo tofa nato, anali ataluma pilo, misozi ili chuchuchu. Atapeza mpweya anandinong'oneza: "Bambo, chifuwa chanuchi chikutulukira mbali ziwiri?" Pofuna kubisa kuseka anakoka bulangete n'kufunda kumutu. Malire anga aja anagwa pomwepo, ndipo zonse zimene ndinakonzera kumiyendo zinawapeza m'katimo. Anavumbuluka liwiro, akutsokomola chifuwa chenicheni tsopano. Galu ndiye anauwa nthawi imeneyo.

Amene mukusekanu, dziwani kuti madokotala amati munthu wabwinobwino amatulutsa mpweya maulendo oposa 10 pa tsiku, ndipo wina umatuluka uli m'tulo osadziwa. M'nyemba muli mtundu wa shuga umene mimba yathu singaugaye, ndiye tizilombo ta m'matumbo aakulu timaudya n'kumatulutsa mpweya. Fungo lija limachokera ku salifa wa m'mazira ndi kabichi. Ndiye wolakwa apa ndani, ine kapena amene anakonza chakudya? Mu 2011 nduna ya zachilungamo, a George Chaponda, ananena pa wailesi kuti lamulo loletsa kuipitsa mpweya likukhudzanso kuphwisa pagulu, dziko lonse lapansi linatiseka, mpaka iwo anabweza mawu awo. Boma lathunthu linalephera kumanga chinthu chimenechi, inu mumafuna ndichimange ine ndekha ndi bulangete limodzi? Ndiponso akunyumbawo, ndisanene zambiri, cha m'ma 3 koloko m'bandakucha amakhala ndi kwaya yawoyawo. Ine sindinakaulule pa bawo.

M'mawa ndinachedwa dala kutuluka. Apongozi aamuna anandipatsa moni akuyang'ana kukhola. Apongozi aakazi, mwa mwambo wake, sanandiyandikire. Anangotuma kamdzukulu ndi kapu ya madzi otentha a mandimu ndi jinja. Kanagwada bwinobwino n'kunena mokweza, mlamu wanga ali pomwepo akutsuka m'kamwa: "Agogo akuti imwani, ndi mankhwala a chifuwa chija chinakuvutani usiku."

Ndinamwa, n'kuthokoza. Masana kunabwera nyemba zotsala dzulo zija.