Tiyi saphika ngati nyemba

Abale anga, ndinene poyera: ambirife tiyi timamuzunza. Masamba a Chombe timawaponya m'poto madzi akadali ozizira, n'kuwasiya abwate mpaka tiyi ade bii, kenako shuga masipuni anayi kuti tibise kuwawa. Kuwawa kumeneko sikuti tiyi ndi wamphamvu ayi, wapsa ameneyo.

Tiyi wakuda wa ku Thyolo ndi Mulanje amafuna madzi atsopano amene angowira kumene. Phulani ketulo, thirani madziwo pa masamba, vindikirani kwa mphindi 3 kapena 4, n'kusefa. Mudzaona akutuluka wofiira bwino, fungo lili guu. Mkaka ubwere pambuyo. Madzi amene atandala mufulasiki kuyambira m'mawa, asiyeni atsukire mbale.

Green tea ndiye sachedwa kukwiya. Madzi akawira, adikireni kaye azizireko kufika pa madigiri 80, ndipo masamba asapitirire mphindi 2 kapena 3 m'kapu. Anthu ambiri amene amati green tea ndi mankhwala owawa anangomuwotcha ndi madzi obwata. Ku Satemwa, konkuja ku Thyolo, amapanga wabwino, ndi oolong yemwe, tiyi wa pakati pa wakuda ndi green tea.

Rooibos wa ku South Africa alibe nazo ntchito zonsezi. Musiyeni ngakhale mphindi 10, sawawa, ndipo poti alibe caffeine, madzulo amamweka osaopa kusowa tulo.

Wokhayo amene ndimalola kuti abwate m'poto ndi jinja, ndipo mumusinje kaye asanalowemo. Nkhani ya shuga tisakangane lero.