Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Floti

Gawo lathali ndinalekeza pomwe ndinatsegula kashopu ka uejenti wa ndalama za mufoni pamsika wakwathu. Lero ndifotokoze ntchito yeniyeniyo, poti ambiri amayesa kuti ejenti amangodina foni n'kumadya komishoni.

Kale ndalama zochokera kutauni zinkabwera ndi wachibale, dalaivala wa basi kapena kudzera kupositi. Kenako kunabwera njira zotumizira ndalama pafoni: ku Kenya M-Pesa inayamba mu 2007, kuno Airtel Money inafika mu 2012 ndipo Mpamba ya TNM mu 2013. Zinafala msanga kumudzi chifukwa *211# ndi *444# zimayenda ngakhale pa kafoni ka mabatani, popanda bando ya intaneti.

Ejenti amasunga ndalama pawiri: makwacha m'kabati, ndi ndalama za mufoni zomwe timati floti. Wodzaika K20,000 amandipatsa makwacha, floti yanga n'kutsika ndi K20,000. Wodzatapa amachotsa makwacha m'kabati, floti n'kukwera. M'tauni oika ndi otapa amabwera mosinthana, zinthu zimadzikonza zokha. Kumudzi ayi. Ana ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni amatumiza, makolo kuno amangotapa. Tsiku la msika dzuwa lisanafike pamutu kabati imakhala ili mbee, foni itadzaza, ndipo gogo amene wayenda mtunda wautali umamubweza chimanjamanja. Netiweki imanyamula manambala okha, makwacha amayenera kukwera minibasi.

Kupita kubanki kuboma kukasintha floti kumadya komishoni ya masiku angapo pa thiransipoti. Chanzeru n'kugwirizana ndi wa golosale kapena wogulitsa feteleza. Iye tsiku lonse amatolera makwacha, koma akufuna ndalama za mufoni zolipirira katundu kuhoselo. Mumasinthana pomwepo, nonse osakwera galimoto.

Kumene maejenti atsopano amalirira n'kwa mauthenga. Netiweki ikafooka, uthenga wotsimikiza umachedwa, ndiye ukabwereza kutumiza usanaone balansi, umalipira kawiri. Osapereka makwacha chifukwa cha uthenga umene kasitomala akukuonetsa pafoni yake. Akamberembere amalemba okha uthenga wofanana ndi weniweni kuchokera pa nambala wamba. Ona pafoni yako kuti floti yakweradi. Potumiza, werenga mokweza dzina lomwe latuluka, mwiniwake avomere, kenako lemba m'kaundula nambala, ndalama ndi ID ya uthengawo, iye asayine. PIN yake adine yekha, ngakhale akhale malume ako.