Wisden imaona za pakhomo pokha

Dzulo tinakangana ndi mnzanga wa ku Pakistan za buku lachikasu lija la masewera a kiriketi lotchedwa Wisden, limene limatuluka ku England chaka chilichonse kuyambira 1864. Iye akuti limakondera. Ndinamutsutsa, koma atatchula Inzamam-ul-Haq, yemwe ankasewerera Pakistan, ndinangoti kukamwa yasa. Munthu anamenya ma run (mapointi a mu kiriketi) 8,830 pa masewera a Test (a pakati pa mayiko, otenga masiku angapo), koma sanasankhidwepo pa osewera kiriketi asanu opambana a chaka amene bukuli limasankha. Vuto n'lakuti mphotoyi imayang'ana kwambiri zimene wachita pa mabwalo a ku England. Ma run 329 amene anawathira New Zealand ku Lahore mu 2002, kwa a Wisden ngati sizinachitike. Abdul Qadir, wosewera wina wa ku Pakistan, nayenso anamanidwa. Mphoto ya wosewera wopambana pa dziko lonse lapansi a Wisden anadzaiyambitsa mu 2004, zinthu zitaonekera kale poyera.